Kuika wiki pa kompyuta yanu: ndondomeko ya alembi a magulu athu kuno ku Joni

Alembi a magulu athu kuno ku Johannesburg, a zamaliro, a chipereganyu, a kwaya ndi a mipingo, funso lanu limakhala limodzi: malamulo a gulu, maminitsi a misonkhano ndi ndondomeko zathu tiziike pati kuti zisamasowe? Pa WhatsApp zimakwiririka. Lero mlembi waponya malamulo atsopano a sonkho, mawa pamwamba pake pagwa mavidiyo, mavesi ndi moni wa m'mawa, ndiye tsiku lomwe zovuta zagwa ku Tembisa aliyense ali kalikiliki kufufuza m'foni mndandanda wa mapepala ofunika kuti thupi lidutse pa Beitbridge. Ine ndimati ikani wiki. Ndikatero mafunso amabwera ngati mvula, choncho ndati ndilembe kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Wiki ndi masamba omwe anthu angapo amatha kulemba ndi kukonza, ndipo chilichonse chomwe chasinthidwa chimasungidwa pamodzi ndi dzina la wosinthayo, tsiku ndi nthawi. Mkangano wakuti "ndani anakweza ndalama ya pamwezi" umathera pomwepo, chifukwa mbiri ya tsamba imamutchula. Tigwiritsa ntchito MediaWiki, pulogalamu yomwe imayendetsa Wikipedia, kuphatikizapo ya Chichewa ija ya pa ny.wikipedia.org. Ndi yaulere, ndipo chilolezo chake cha GPL chimalola aliyense kuitenga, kuisintha ndi kugawira ena. Ilipo ina yopepukirapo, DokuWiki, yomwe sifuna database, nkhokwe yapadera yosungiramo mawu. Ndi yabwino ndithu, koma ndimakonda MediaWiki chifukwa mnyamata amene waphunzira kulemba maminitsi pamenepa mawa atha kulemba nkhani ya kwawo ku Ntcheu pa Wikipedia osaphunziranso china.

Ndikulemba za Windows chifukwa ndi yomwe ili pa malaputopu ambiri omwe timagula ogwiritsidwa kale ntchito m'tauni muno.

1. Konzani zofunika musanayambe

Pafunika laputopu yomwe batire lake likadali ndi moyo, chilolezo cha Administrator pa laputopupo, ndi mapulogalamu atatu: XAMPP kuchokera pa apachefriends.org, MediaWiki kuchokera pa mediawiki.org, ndi Notepad++ yolembera. Zonse pamodzi ndi mamegabaiti mazana angapo, ndiye pangani dawunilodi pa Wi-Fi kapena ndi data ya usiku, osati ndi bandulo yanu ya masana.

XAMPP ndi phukusi la zinthu zitatu zomwe wiki imadalira. Apache ndi seva, imene imalandira pempho la browser n'kupereka tsamba. MariaDB ndi database, nkhokwe yomwe mawu onse a wiki amasungidwamo. Pa mabatani a XAMPP inalembedwa kuti MySQL, musadabwe, ndi yomweyo. PHP ndi chiyankhulo chomwe MediaWiki inalembedwamo.

Pa MediaWiki tengani veshoni yolembedwa LTS, yomwe amaisamalira zaka zitatu. Ya 1.43 inatuluka mu December 2024 ndipo imafuna PHP 8.1 kapena kuposerapo, choncho XAMPP ya 8.2 ikuyenerana nayo. Ambiri amalakwira pano: amatenga XAMPP yakale ya PHP 7 pa fulashi ya mnzawo pofuna kupulumutsa data, kenako wiki n'kukana kudzuka.

2. Ikani XAMPP

Isiyeni ilowe mu C:\xampp monga ikufunira yokha. Musaiike mu Program Files, Windows imaletsa mapulogalamu kulembamo mwaufulu. Ikatha, tsegulani XAMPP Control Panel n'kudina Start pa Apache ndi pa MySQL. Mayina onse awiri asanduke obiriwira. Windows ikafunsa za firewall, mlonda wake woletsa zipangizo zina kufika pa laputopu, lolani pa Private networks; yankho limeneli tidzalifuna pa sitepe 8.

Lembani localhost mu browser. Tsamba la XAMPP likaoneka, mwadutsa. Apache ikamayaka n'kuzima nthawi yomweyo, kawirikawiri ndiye kuti pulogalamu ina yatenga kale khomo la nambala 80. Dinani Config pa mzere wa Apache, tsegulani httpd.conf, sinthani Listen 80 kukhala Listen 8080. Kuyambira pamenepo adiresi yanu ndi localhost:8080, ndipo nambalayi muziiwonjezera paliponse pomwe ine ndati mulembe localhost kapena adiresi ya laputopu mu browser.

3. Tsegulani intl ndi gd

Dinani Config pa Apache kachiwiri, sankhani php.ini. Funafunani mzere uwu:

;extension=intl

Chotsani kachizindikiro ka ; kali koyambirirako. Chitani chimodzimodzi pa ;extension=gd ngati nayonso ili yotseka. Sungani, dinani Stop pa Apache, kenako Start. Popanda intl, MediaWiki imakana kulowa. Popanda gd, zithunzi sizichepetsedwa. Kuzimitsa ndi kuyatsanso Apache kuja si mwambo chabe: php.ini imawerengedwa pokhapokha seva ikamadzuka, ndiye mukapanda kutero mudzalumbira kuti mwasintha koma palibe chasintha.

4. Pangani database ndi mwini wake

Pitani pa localhost/phpmyadmin. Dinani User accounts, kenako Add user account. Dzina likhale lalifupi, la zilembo zing'onozing'ono, lopanda mpata, monga gululathu. Pa Host name sankhani Local. Ikani pasiwedi, ndipo chongani kabokosi kakuti Create database with same name and grant all privileges. Dinani Go.

Lembani dzina ndi pasiwediyo m'kope la gulu, lomwe lija mumalembamo zopereka. Ena amadumpha sitepe imeneyi n'kugwiritsa ntchito root, mwini wamkulu wa database zonse, yemwe pa XAMPP amabwera wopanda pasiwedi. Zimagwira, inde, koma root ali ndi mphamvu pa database iliyonse ya pa kompyutapo, ndipo wiki sifunikira mphamvu zonsezo.

5. Ikani mafayilo a MediaWiki

Tengani fayilo ya .zip. Imasulireni mu C:\xampp\htdocs mwachindunji, osati pa Desktop kapena m'foda yobisika mkati mwa mafoda ena, chifukwa MediaWiki ili ndi mafayilo a mayina aatali ndipo Windows imatsamwa njira ya fayilo ikapitirira zilembo 260. Kumasulako kumachedwa, mafayilo ndi masauzande. Ikani ketulo pamoto.

Foda yotulukayo idzakhala ndi dzina ngati mediawiki-1.43 ndi nambala ina kumapeto. Isintheni kukhala w, chilembo chimodzi basi. Mukatsegula C:\xampp\htdocs\w muone index.php pomwepo. Mukapeza foda ina ya mediawiki mkatimo, tulutsani zonse zili m'kati mwake muziike mu w.

6. Yankhani mafunso a pulogalamu

Lembani localhost/w. Mudzaona uthenga wakuti LocalSettings.php not found, ndi ulalo wakuti set up the wiki. Si vuto, ndi momwe imayambira. Dinani ulalowo.

Pa chiyankhulo cha wiki mutha kusankha ny, chomwe ndi Chichewa. Dziwiranitu kuti mabatani ambiri adzakhalabe m'Chingerezi chifukwa kumasulira sikunathe. Amamasulira ndi anthu ongodzipereka pa translatewiki.net, ndipo amene ali ndi mpata Lamlungu masana angathandize kumeneko. Masamba anu mudzalemba m'chiyankhulo chilichonse, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo chilembo cha ŵ chimalowa bwinobwino.

Pa database: host ndi localhost, dzina la database ndi la mwini wake ndi gululathu, pasiwedi ndi ija ya m'kope. Kenako perekani dzina la wiki ndi akaunti ya woyang'anira. Pasiwedi ya woyang'anira imafunika zilembo zosachepera 10, ndipo ikhale yosiyana ndi ya database.

Ikakufunsani ngati mukufuna mafunso ena kapena ingomaliza, sankhani mafunso ena. Pamenepo ndi pomwe pali User rights profile. Kwa gulu la zamaliro kapena la ndalama sankhani Private wiki: wopanda akaunti sawerenga, salemba. Chongani Enable file uploads, ndipo pa mndandanda wa zowonjezera chongani VisualEditor, yomwe imalola munthu kulemba ngati ali mu Word. Popanda imeneyi amayi a komiti adzaona mabulaketi ndi timizere n'kubwerera ku WhatsApp tsiku lomwelo. Za imelo zimitsani, XAMPP situmiza makalata yokha.

7. LocalSettings.php

Pomaliza browser idzakupatsani fayilo ya LocalSettings.php. Ikachenjeza kuti fayiloyi ingawononge kompyuta, iuzeni isunge. Ichotseni mu Downloads n'kuiika mu C:\xampp\htdocs\w, pambali pa index.php. Dzina likhale ndendende limenelo. Ngati munapanga dawunilodi kawiri, Windows imawonjezera nambala kudzina, ndipo wiki sidzaizindikira. Tsegulaninso localhost/w, tsamba loyamba la wiki yanu lioneka.

Fayilo imeneyi ndiyo imalamulira wiki yonse, ndipo pasiwedi ya database ili momwemo poyera. Musaiponye pa gulu popempha thandizo. Muziitsegula ndi Notepad++ yokha, ndipo musanasinthe kanthu koperani ina muisunge pambali. Pansi penipeni wonjezerani mizere iyi:

$wgLocaltimezone = "Africa/Johannesburg";
$wgDefaultSkin = "timeless";
$wgFileExtensions[] = 'pdf';

Woyamba ndi wa nthawi. Ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzi, ndiye palibe chosokoneza. Wachiwiri umapatsa wiki maonekedwe okwana bwino pa sikirini ya foni. Wachitatu umalola mafayilo a PDF, omwe poyamba amakanidwa.

Mizereyi ilembeni ndi zala zanu. Mukaidutsitsa mu Word, timakoti towongoka timasanduka topindika, maso saona kusiyana koma PHP imaona, ndipo wiki yonse imasanduka tsamba loyera kapena la uthenga wa cholakwa. Kuiwala kachizindikiro ka ; kumapeto kwa mzere kumachitanso zomwezo. Zikatero musafufute XAMPP n'kuyambiranso. Bwezerani fayilo ija munasunga pambali, wiki idzuka.

8. Kuti foni ya mnzanu iione

Apa ndi pomwe malangizo ambiri a pa intaneti amakusiyani, chifukwa kwa iwo tsamba likaoneka pa laputopu ntchito yatha. Koma wiki yomwe ikuoneka kwa mlembi yekha sinathandize gulu. Mlembi amanyamula laputopu kupita nayo ku msonkhano ku Rosettenville, amauza anthu kuti lembani localhost/w, aliyense n'kupeza kuti tsamba silikupezeka, ndipo tcheyamani n'kuyamba kuyang'ana kumbali.

Vuto ndi lakuti localhost si adiresi ya laputopu yanu. Chipangizo chilichonse chikamva localhost chimadziyang'ana chokha. Zili ngati kuuza mlendo wotsika basi pa Park Station kuti "ndili kunyumba" osamupatsa msewu ndi nambala. Foni ya msungichuma ikufuna adiresi yeniyeni ya laputopu pa Wi-Fi yomwe nonse mwalumikizako.

Pa laputopu tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig. Pansi pa Wireless LAN adapter Wi-Fi pezani mzere wa IPv4 Address. Idzakhala nambala yonga 192.168.0.105, yanu idzasiyana, gwiritsani ntchito yanuyo. Pa foni lembani http://192.168.0.105/w, ndi http yopanda s.

Tsopano yang'anitsitsani chomwe chichitike, chifukwa matenda ake ndi awiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Ngati foni ikungozungulira mpaka kutopa, pempho silikufika n'komwe pa laputopu. Onani kuti netiweki ya Wi-Fi pa Windows yaikidwa kukhala Private osati Public, ndiponso kuti mu Allow an app through firewall, Apache HTTP Server ndi yochongedwa pa Private. Onaninso kuti foniyo ilidi pa Wi-Fi yomweyo. Zimitsani data ya m'foni, chifukwa mafoni ena akaona Wi-Fi yopanda intaneti amathawira ku data mwakachetechete. Ndipo mukakhala pa Wi-Fi ya alendo, kapena ija ya alandilodi yogawana nyumba yonse monga zimakhalira m'mafulati ambiri a ku Yeoville ndi Hillbrow, router ina imaletsa dala zipangizo kuonana. Pamenepo palibe chomwe mungakonze pa laputopu. Yatsani hotspot pa foni imodzi, laputopu ndi mafoni ena alumikize kumeneko, kenako onaninso ipconfig chifukwa nambala yasintha.

Ngati foni yafika, koma adiresi pamwamba yadzisintha yokha kukhala localhost n'kufa, ndiye kuti firewall ilibe mlandu. Ndi wiki yomwe ikutumiza anthu kolakwika. Pamene mumaiika munali pa localhost, ndipo inalemba zimenezo mu LocalSettings.php. Pezani mzere uwu:

$wgServer = "http://localhost";

Usintheni ukhale:

$wgServer = "http://192.168.0.105";

Musawonjezere /w kapena / kumapeto. Amene munasintha khomo pa sitepe 2, ikani :8080 pambuyo pa nambala. Kuyambira pano ngakhale inu pa laputopu muzilowa ndi nambalayi.

Patsala msampha umodzi. Router imagawa manambalawa mongobwereketsa. Magetsi akazima n'kuyakanso, laputopu itha kupatsidwa 192.168.0.108, ndipo wiki yomwe dzulo imayenda bwino lero yasowa. Ngati router ndi yanu, lowani m'makonzedwe ake, pezani DHCP reservation kapena Address reservation, mumangirire nambala imodzi ku laputopuyo. Ngati laputopu imayendayenda, lero kunyumba mawa ku holo ya tchalitchi, chotsani mzere wa $wgServer uja muike uwu:

$wgServer = MediaWiki\Request\WebRequest::detectServer();

Ukatero wiki imatsatira adiresi iliyonse yomwe munthu walowera. Ndi njira ya pa netiweki ya m'nyumba ndi ya pamsonkhano. Pa seva ya pa intaneti muzilemba adiresi yeniyeni.

Ndinenenso poyera chomwe ambiri amayembekeza molakwika. Zonsezi zikugwira kwa okhawo ali pa Wi-Fi imodzi ndi laputopu, nthawi yomwe laputopu ili yoyaka. Achimwene a ku Cosmo City ali kwawo saiona, a ku Lilongwe ndiye ayi ndithu. Musayesere kutsegula makomo a router kuti dziko lonse lilowe: eni XAMPP amanena okha kuti inapangidwira kuyesera zinthu, osati kuyang'anizana ndi intaneti, komanso pa ma router a SIM khadi nthawi zambiri sizitheka n'komwe chifukwa makasitomala ambiri amagawana adiresi imodzi yakunja. Gulu likaikonda wiki, lisonkhe ndalama ya pamwezi ya hosting, kuchita lendi malo pa seva ya pa intaneti, n'kuisamutsira kumeneko. Zomwe mwaphunzira apa ndi zomwezo mukachite uko.

9. Anthu ndi mapepala awo

Pa Private wiki munthu sadzitsegulira yekha akaunti. Woyang'anira amapita pa Special:CreateAccount n'kutsegulira aliyense yake. Musagawane akaunti imodzi komiti yonse, apo ayi mbiri ya masamba idzangonena dzina limodzi ndipo phindu lija la kudziwa wosintha latha. Wina akaiwala pasiwedi, poti imelo palibe, dinani Shell pa XAMPP Control Panel, lembani cd htdocs\w kenako:

php maintenance/run.php changePassword --user=Dzina --password=yatsopano

Chenjezo lalikulu lili pa zithunzi. Private wiki imatseka masamba, koma mafayilo okwezedwa amakhala mu foda ya images, ndipo amene akudziwa adiresi yeniyeni ya fayilo atha kuitsegula osalowa ndi pasiwedi. Njira yotsekera ilipo, kudzera pa img_auth.php, koma ndi ntchito ina payokha. Langizo langa n'lachidule: mapasipoti, mapemiti, ziphaso za imfa ndi manambala a akaunti za kubanki zisalowe mu wiki. Muikemo ndondomeko, monga mapepala ofunika potumiza thupi kumudzi, oyenera kuimbiridwa ndani poyamba, malamulo a zopereka, maminitsi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, tonse tikudziwa chomwe pepala la munthu lingamuchite likagwera m'manja olakwika kuno.

Tsamba latsopano limapangidwa polemba dzina lake m'bokosi lofufuzira n'kudina ulalo wofiira womwe ukubwera. Yambani ndi masamba atatu kapena anayi omwe anthu amafunsa kawirikawiri, muwalumikize pa tsamba loyamba.

10. Magetsi ndi backup

Kaya ndi kuzimitsa kwa Eskom konga kwa 2023 kuja, kaya ndi mawaya obedwa m'dera lanu, kaya mayunitsi angothera pakati pa usiku, database sikonda kuzimidwa mwadzidzidzi. Ikadulidwa ili pakati polemba, mawa lake MySQL imakana kuyaka n'kulemba mofiira kuti shutdown unexpectedly. N'chifukwa chake ndinati laputopu ya batire lamoyo, osati kompyuta ya padesiki yopanda UPS, batire lomwe limaigwirizira magetsi akazima. Pozimitsa, dinani Stop pa Apache, Stop pa MySQL, dikirani zobiriwira zichoke, kenako zimitsani laputopu. Kungotseka chivindikiro n'kuiponya m'chikwama ndi chizolowezi chofunika kuchisiya.

Backup, kope la wiki losungidwa pena kuti zikavuta mubwezere, ili ndi mbali zitatu, ndipo ziwiri zokha sizikwana: database, foda ya images, ndi LocalSettings.php. Kukopera foda ya w yokha sikusunga mawu a masamba, chifukwa mawuwo sali mmenemo. Mu Shell lembani:

mysqldump -u gululathu -p --default-character-set=binary gululathu > gululathu.sql

Idzafunsa pasiwedi ya m'kope ija. Mbali ya binary musaisiye, ndi yomwe imateteza zilembo monga ŵ kuti zisabwerere zitasanduka zinyalala. Fayiloyo idzagwera mu C:\xampp. Iwonjezereni tsiku kudzina, muikopere pa fulashi pamodzi ndi zina ziwiri zija. Chitani zimenezi pakutha pa msonkhano uliwonse, ndipo fulashiyo izikhala kwa msungichuma, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu; chikwama chikapita pa renki ya mataxi, zipita zonse.

Kamodzi, musanadalire backup yanu, iyeseni pa laputopu ina. Ikani XAMPP, tsegulani intl ndi gd, pangani database ya dzina ndi pasiwedi zomwezo, masulani MediaWiki ya veshoni yomweyo mu foda ya w, bwezerani images ndi LocalSettings.php, ikani fayilo ya .sql mu C:\xampp, kenako mu Shell:

mysql -u gululathu -p gululathu < gululathu.sql

Konzani $wgServer kuti igwirizane ndi laputopu yatsopanoyo, tsegulani maminitsi a msonkhano wapitawu, muone ngati mbiri ya tsamba ndi zithunzi zabwera. Achite zimenezi wachiwiri kwa mlembi, mlembi ali pambali manja ali m'thumba, kuti December akakwera basi ya kumudzi gulu lisatsale ndi wiki yomwe palibe wina angaidzutse.